Dokotala wa Matewera Akuda: Moyo wa Archibald Garrod

Kumayambiriro kwa chaka cha 1901, m'banja lina ku England munabadwa mwana amene matewera ake dokotala wina ankawadikira ndi mtima wonse. Mkulu wake wa khandalo anali ndi vuto lachilendo. Mkodzo wake unkatuluka wooneka ngati wa mwana wina aliyense, koma ukakhala kanthawi pamphepo unkayamba kuda mpaka bii, ndipo madontho ake pansalu sopo ankangowawonjezera kuda m'malo mowachotsa. Mayi atakhalanso ndi pakati, dokotalayo anapempha namwino kuti thewera lililonse la mwana wobadwayo aziliyang'anitsitsa asanalichape. Matewera oyambirira anali bwinobwino. Koma pasanathe masiku atatu, mwana atayamba kuyamwa, madontho akuda aja anaoneka.

Dokotalayo anali Archibald Edward Garrod. Masiku ano pa intaneti pali makampani ambiri otsatsa kuti munthu akawatumizira malovu m'kabotolo, amuyeza majini n'kumuuza mavitamini ndi michere imene thupi lake lingasowe. Majini ake si a mizimu aja ayi, koma tizigawo ta DNA tonyamula malangizo amene timatengera kwa makolo. Ganizo limene malonda amenewa aimapo, loti thupi la munthu aliyense limagwiritsa ntchito chakudya m'njira yakeyake chifukwa cha chibadwa, linayambira pa matewera aja. Mwini ganizolo anali wosamala pa zonena zake kuposa ambiri amene akudyerapo lero.

Garrod anabadwira ku London pa 25 Novembala 1857. Bambo ake, Alfred Baring Garrod, anali dokotala wotchuka pa matenda a nyamakazi. Ndiwo anaonetsa mu 1848 kuti anthu odwala gout, nyamakazi imene imakonda kutupitsa chala chachikulu cha kuphazi, amakhala ndi uric acid wochuluka m'magazi. Pambuyo pake anapezanso njira yosavuta yoyezera: ankaviika kaulusi m'madzi a magazi othiridwa asidi, n'kudikira kuti timibulu ta uric acid timatirire pa ulusiwo. Choncho Archibald anakulira m'nyumba imene matenda ankakambidwa ngati nkhani ya makemikolo, pa nthawi imene madokotala ambiri sankawaona motero. Mkulu wake, Alfred Henry, anali katswiri wa za nyama ndi mbalame, koma chifuwa chachikulu chinamutenga mu 1879 ali ndi zaka 33 zokha.

Ku sukulu ya Marlborough, Archibald sanali m'gulu la ana owala. Chilatini ndi Chigiriki zinkamuvuta, ndipo mutu unadzatseguka atakumana ndi sayansi. Ku koleji ya Christ Church ku Oxford anakhoza m'gulu loyamba mu 1880. Udokotala anakauphunzira pa St Bartholomew's, chipatala cha ku London chimene chinakhazikitsidwa mu 1123, kenako anakakhala miyezi ingapo ku Vienna. Kumeneko anaphunzira kugwiritsa ntchito kagalasi koonera m'khosi, ndipo kabuku kake koyamba, ka mu 1886, kanali ka zimenezi. Chaka chomwecho anakwatira Laura Smith, mwana wa dokotala wochita maopaleshoni, ndipo anabereka ana anayi: anyamata atatu ndi mtsikana mmodzi.

Ntchito yake sinayende mothamanga. Pa St Bartholomew's mpando unkapezeka pokhapokha wamkulu wina akapuma kapena akamwalira, moti Garrod anadzakhala wachiwiri kwa dokotala wamkulu mu 1903, ali ndi zaka 45, ndipo udokotala waukuluwo anaupeza mu 1912. Amene mukumaliza chaka chino n'kumada nkhawa ndi kudikira ntchito, onani zaka zimenezo. Koma kudikirako n'kumene kunamupatsa nthawi. Kuyambira mu 1892 ankagwiranso ntchito pa chipatala cha ana cha Great Ormond Street, ndipo maola otsala ankathera mu labotale akuyang'ana mkodzo.

Amene mumaphunzira za labotale mukudziwa kuti kuyeza mkodzo si ntchito imene munthu amadzitama nayo pagulu. Garrod anaikonda. Ankafuna kudziwa chimene chimapatsa mkodzo mtundu wake, ndi chifukwa chake mtunduwo umasintha m'matenda osiyanasiyana. Chida chake chinali spectroscope, galasi limene limagawa kuwala kukhala mitundu ya utawaleza, n'kuonetsa mizere yakuda imene kemikolo iliyonse imasiya. Pa ntchito imeneyi anagwirizana ndi mnyamata wina wa pa chipatala cha Guy's, Frederick Gowland Hopkins, ndipo mu 1896 awiriwa analemba limodzi za urobilin, imodzi mwa makemikolo opatsa mkodzo mtundu. Dzina la Hopkins tilisunge, libweranso.

Mkodzo wakuda uja sanautulukire ndi Garrod. Unali utatchulidwa kale dzina loti alkaptonuria, ndipo mu 1891 akatswiri awiri ogwira ntchito ku Germany, Wolkow ndi Baumann, anali atapeza kuti chodetsacho ndi homogentisic acid. Iwowa ankaganiza kuti asidiyu amapangidwa ndi tizilombo ta m'matumbo. Sizinali zodabwitsa kuganiza choncho. Inali nyengo ya Pasteur ndi Koch, pamene chaka ndi chaka kunkapezeka kachilombo katsopano, ndipo matenda alionse ankawafunira kachilombo kake. Garrod sanakhutire. Anaona kuti odwala ake vutoli amakhala nalo moyo wonse, silikula, silichepa, silipatsirana, ndipo nthawi zambiri limagwira ana a mimba imodzi makolo awo alibe. Khanda la mu 1901 lija linatsimikiza kuti munthu amabadwa nalo. Asidiyu ankaoneka mkaka ukangoyamba kulowa m'thupi.

Kenako anafunsa funso limene ena sanaliganizire: kodi bambo ndi mayi a ana amenewa ali pachibale? Mwa mabanja anayi a ku Britain amene anawafufuza, okhala ndi anthu 11 a vutoli, m'mabanja atatu makolo anali pachisuweni, ndipo makolowo mkodzo wawo unali wabwinobwino. Garrod sanadziwe tanthauzo lake. Amene anamasulira anali William Bateson, katswiri wa zomera ndi nyama wa ku Cambridge, amene pa nthawiyo anali atagwidwa mtima ndi zolemba za Gregor Mendel. Mendel, wansembe wa ku Brno, anali atasindikiza mu 1866 zimene anapeza pokwatitsa nsawawa m'munda wa nyumba ya ansembe, koma zolembazo zinagona mpaka mu 1900. Bateson anaona kuti zimene zinkachitika m'mabanja a Garrod n'zofanana ndi za nsawawa za Mendel.

M'chinenero cha lero tinganene motere. Munthu amalandira majini awiriawiri, lina kwa bambo lina kwa mayi. Ngati limodzi lili lolakwika koma linzake lili bwino, labwinolo limagwira ntchito yokwanira, ndipo munthuyo sadziwa n'komwe kuti wanyamula kanthu. Vuto limaoneka mwa mwana amene walandira lolakwika kuchokera mbali zonse ziwiri. Makolo awiri onyamula jini lotere, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe ndi vutolo ndi umodzi mwa inayi. Sizitanthauza kuti mwana wachinayi aliyense ndiye agwidwe, chifukwa mimba iliyonse imayambira pachiyambi. Tsono jini likakhala losowa kwambiri, monga la alkaptonuria imene m'mayiko ambiri imapezeka mwa munthu mmodzi pa anthu 250,000 kapena kuposa apo, n'kovuta kuti onyamula awiri akumane mwangozi. Asuweni ali ndi agogo amodzi, choncho atha kutengera jini lomwelo onse awiri.

Ukwati wa pachisuweni sunali wachilendo ku England wa nthawiyo. Mfumukazi Victoria yomwe inakwatiwa ndi msuweni wake Albert. Kwathu kunonso mwana wa malume kapena wa azakhali anali wololedwa m'mitundu ingapo. Garrod anasamala kuti asasandutse nkhaniyi chitonzo. Anafotokoza kuti maukwati ambiri a pachisuweni amabereka ana opanda vuto lililonse, ndipo kuti chisuweni pachokha sichipanga matenda koma chimangokumanitsa zimene zinalipo kale m'banjamo. Mu Disembala 1902 analemba zonsezi m'magazini ya The Lancet. Imeneyi ndi nkhani yoyamba yoonetsa kuti malamulo a Mendel amagwiranso ntchito pa matenda a munthu. Koma chimene chinkamusangalatsa kwambiri mwiniwake chinali china. Anati ngati anthu ena amasiyana ndi anzawo moonekeratu chonchi m'kagwiritsidwe ntchito ka chakudya, ndiye kuti mwina tonsefe timasiyana pang'onopang'ono m'kati, monga momwe nkhope zathu zimasiyanira kunja.

Mu Juni 1908 anapatsidwa mwayi wokamba maphunziro otchedwa Croonian Lectures pamaso pa Royal College of Physicians, ndipo chaka chotsatira anatuluka ngati buku lotchedwa Inborn Errors of Metabolism, kutanthauza zolakwika zobadwa nazo m'kasinthidwe ka chakudya m'thupi. Mfundo yake ndi yosavuta kuimva kwa aliyense amene anaonapo chimanga chikusanduka ufa woyera. Chimayamba kukonoledwa, kupetedwa, kuviikidwa, kutsukidwa, kenako n'kupita kuchigayo. Chigayo chikafa pamachitika zinthu ziwiri: mphale imangounjikana pamkeka, ndipo m'nyumba ufa mulibe. Thupinso limaphwanya ndi kumanga makemikolo mwa sitepe ndi sitepe, ndipo sitepe iliyonse ili ndi wantchito wake amene lero timamutcha enzyme. Garrod anati munthu wa alkaptonuria amabadwa alibe wantchito mmodzi. Mapuloteni a mu mkaka, nyemba ndi mazira ali ndi phenylalanine ndi tyrosine, zimene mwa aliyense zimadutsa pa homogentisic acid popita kokaphwanyidwa. Mwa ambirife asidiyu amangodutsa osaoneka. Mwa iwowa amaima, n'kuchuluka, n'kutayikira mumkodzo. Poyamba vutoli linkaoneka ngati losavulaza, koma zinadziwika kuti pakapita zaka asidiyu amadetsa mafupa ofewa a m'makutu ndi m'mfundo, n'kubweretsa nyamakazi yoopsa ya msana, m'chiuno ndi m'maondo.

Anatchula mavuto anayi. Kupatula alkaptonuria panali cystinuria, imene imapanga miyala mu impso. Apa sanalondole kwenikweni, chifukwa patapita zaka zinadziwika kuti cholakwika chili pa mmene impso zimabwezera kemikoloyo m'magazi. Panalinso pentosuria, pamene mumkodzo mumatuluka mtundu wina wa shuga wosavulaza, koma umene poyeza unkaoneka ngati matenda a shuga, moti anthu athanzi ankauzidwa kuti akudwala. Lachinayi ndi limene ife tikulidziwa bwino: chialubino.

Ngati alkaptonuria ndi mphale younjikana, chialubino ndi ufa umene ukusowa. Thupi limalephera kupanga melanin wokwanira, utoto umene umadetsa khungu, tsitsi ndi maso ndi kuteteza ku dzuwa. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu achialubino oposa 134,000 m'Malawi muno, ndipo tonse tikudziwa nkhanza zimene abale athuwa akumana nazo chifukwa cha mabodza okhudza ziwalo zawo. Tikudziwanso amayi amene anasiyidwa banja poganiziridwa kuti anayenda panjira kapena anachita mwambo wolakwika. Pa mitundu ya chialubino yofala kuno, jini limachokera kwa bambo ndi mayi mofanana, ndipo onse awiri atha kukhala akuda bii. Garrod anaika chialubino m'gulu la zobadwa nazo za makemikolo zaka zoposa zana zapitazo. Funso loti analakwa ndani kuti mwana abadwe chonchi ndi lakale kwambiri. Ophunzira a Yesu analifunsa za munthu wobadwa wosaona pa Yohane 9, ndipo anauzidwa kuti sanachimwe ndi iye kapena makolo ake.

Madokotala anzake anamuombera m'manja, ndipo mu 1910 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, koma sanaone phindu la zimene ankanena. M'mawodi mwawo munali modzaza chifuwa chachikulu, chibayo ndi kutsekula m'mimba kwa ana. Matenda anayi osowa, opanda mankhwala, anawaona ngati zokongoletsa m'kabati. Akatswiri a za chibadwa nawo anali otanganidwa ndi nsawawa, nkhuku ndi ntchentche, ndipo za makemikolo sankazitsata.

Kenako inabwera nkhondo yoyamba ya padziko lonse, imene agogo athu ankaitcha ya Chiwaya. Garrod, ali ndi zaka pafupifupi 60, anavala yunifolomu ya usilikali n'kutumizidwa ku chilumba cha Malta, kumene kunkafikira asilikali ovulala ndi odwala ochokera ku Gallipoli ndi ku Salonika. Ambiri ankabwera ndi kamwazi, malungo ndi typhoid. Chifukwa cha ntchito imeneyi, mu 1918 anapatsidwa ulemu wotchedwa Sir. Koma ulemuwo unafika panyumba ya maliro. Mwana wake Thomas anafa ndi mabala ku France mu Meyi 1915. Noel, woyamba kubadwa, amene anatsata mapazi a bambo ake pa udokotala, anaphedwa ku France komweko mu Januwale 1916. Wotsiriza, Basil, anapulumuka zipolopolo n'kuona nkhondo ikutha, koma chimfine choopsa chimene chinasesa dziko lonse chinamupeza ku Cologne mu Febuluwale 1919, asanabwerere kwawo. Munthu amene anathera moyo wake akufufuza zimene makolo amasiyira ana anaika ana ake aamuna onse atatu m'zaka zosakwana zinayi.

Anatsala ndi Dorothy. Mtsikanayu anayamba kukonda zofukulidwa m'mabwinja atapita kwa bambo ake ku Malta, ndipo anadzatsogolera ntchito yofukula m'mapanga a phiri la Karimeli, phiri lomwe lija la Eliya ndi aneneri a Baala, kuyambira mu 1929 mpaka 1934. Mu 1939 anakhala mkazi woyamba kukhala pulofesa pa yunivesite ya Cambridge, pa nthawi imene yunivesiteyo inali isanayambe n'komwe kupereka madigiri athunthu kwa akazi.

Mu 1920 Garrod anasankhidwa kukhala pulofesa wamkulu wa zaudokotala ku Oxford, kulowa m'malo mwa William Osler, amene nayenso anamwalira atataya mwana wake wamwamuna pa nkhondo yomweyo. Anakhala paudindowo mpaka 1927. Zofufuza zatsopano za mu labotale zinachepa, koma kuganiza sanasiye. Mu 1923 anatulutsanso buku lija atawonjezera matenda ena awiri, ndipo mu 1931 analemba lomaliza, The Inborn Factors in Disease. M'menemo anabwerera ku ganizo lake la mu 1902 n'kulikulitsa. Chifukwa chiyani anthu awiri akumana ndi kachilombo kamodzi, wina n'kudwala wina ayi? Chifukwa chiyani mankhwala kapena chakudya chimene chimathandiza ambiri chimavulaza mmodzi? Yankho lake linali lakuti dokotala asamangoyang'ana matenda, aziyang'ananso nthaka imene matendawo agwerapo, ndiye kuti wodwalayo ndi chibadwa chake. Bukuli silinawerengedwe kwambiri. Maso ake anayamba kufooka, ndipo iye ndi mkazi wake anasamukira ku Cambridge kufupi ndi Dorothy. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 28 Malichi 1936, ali ndi zaka 78.

Pa nthawi yonseyi mnzake uja Hopkins anali akuyenda njira ina. Mu 1912 anaonetsa kuti makoswe odyetsedwa mapuloteni, mafuta, shuga ndi michere yoyengedwa bwino sakula, koma akawapatsa mkaka pang'ono chabe amayambanso kukula. M'chakudya munali tinthu tina tofunika pang'ono kwambiri, timene chaka chomwecho Casimir Funk anatipatsa dzina limene linabala mawu oti vitamini. Hopkins analandira mphoto ya Nobel mu 1929. Njira ya Hopkins ndi ya Garrod zinakumana patangopita zaka zisanu Garrod atamwalira, ndipo zinakumanira pa chuku.

Mu 1941, ku yunivesite ya Stanford, George Beadle ndi Edward Tatum anatenga chuku chofiirira chomera pa buledi, chotchedwa Neurospora, chimene chimadzipangira chokha pafupifupi mavitamini onse amene chimafuna. Anachiwomba ndi ma X-ray kuti awononge majini ena, n'kuyamba kuyesa mbewu zake imodziimodzi. Ya nambala 299 inakana kumera mpaka ataithirira vitamini B6. Ina inkafuna thiamine, amene ndi vitamini B1. Pa iliyonse cholakwika chinali jini limodzi, ndipo chosowa chinali sitepe imodzi. Apa zinaoneka poyera kuti jini limalamulira enzyme, ndiponso kuti jini limodzi likhoza kusintha vitamini amene chamoyo chikufunika kulandira kuchokera kunja. Polandira mphoto ya Nobel mu 1958, Beadle anavomereza kuti iye ndi mnzake anangopezanso pa chuku zimene Garrod anaziona kale mwa anthu. Ndipotu tonsefe tili ndi vuto limodzi lotere. Mbuzi imadzipangira vitamini C m'chiwindi mwake, koma munthu ndi mbira alibe enzyme yomalizira ntchitoyo, n'chifukwa chake timadalira malambe, magwafa ndi masamba.

Lero matenda a m'gulu limene Garrod analitsegula ndi anayi aja aposa chikwi, ndipo ena amakhudza mavitamini ndi michere mwachindunji. Pali ana obadwa opanda enzyme yotchedwa biotinidase, imene imathandiza thupi kugwiritsanso ntchito vitamini wotchedwa biotin. Akapanda kuthandizidwa amakomoka, tsitsi limathothoka, khungu limatuluka zilonda, ena amagontha. Kuyambira mu 1984 vutoli linayamba kuyezedwa pa kadontho ka magazi a pachidendene cha khanda, ndipo mwana wopezeka msanga amangofunika kumwa biotin tsiku ndi tsiku n'kukula bwinobwino. Palinso ana amene matumbo awo satha kuyamwa zinki, amene amachira modabwitsa akamapatsidwa zinki wochuluka. Apa kuyeza kumapulumutsa moyo, chifukwa jini ndi limodzi, vuto ndi lalikulu, ndipo chochita chilipo.

Za m'kabotolo ka malovu zija n'zina. Zambiri zimene makampaniwo amayeza ndi kusiyana kwa majini kofala mwa anthu mamiliyoni athanzi, kumene kumasuntha mlingo wa vitamini m'magazi pang'ono chabe. Chitsanzo chotchuka ndi jini la MTHFR, lokhudza folate, limene mtundu wake wofookerapo unafotokozedwa ku Montreal mu 1995. Mu 2013 bungwe la akatswiri a za majini a zachipatala ku America linalangiza madokotala kuti asamaliyeze pofufuza kuundana kwa magazi kapena kupita padera kobwerezabwereza, chifukwa zotsatira zake sizisintha chithandizo. Mayi amene akuyembekezera kutenga pakati amafunika folic acid, kaya jini lake ndi la mtundu uti. Vuto lina ndi lakuti zoyezazi zinapangidwa pofufuza makamaka anthu a ku Ulaya. Jini la HFE, lopezeka mu 1996, limafotokoza kuchuluka kwa ayironi m'thupi mwa Azungu a kumpoto kwa Ulaya, koma mtundu wolakwikawo ndi wosowa kwambiri mwa anthu akuda. Chonsecho kum'mwera kwa Africa kuno vuto la ayironi wochuluka lilipo, makamaka mwa omwa mowa wamasese wofululidwa m'migolo yachitsulo. Munthu wotere akayezetsa HFE angauzidwe kuti ali bwino chiwindi chikuwonongeka.

Ine ndimaona kuti amene akufuna kudziwa ngati akusowa ayironi kapena vitamini B12 ayeze magazi, chifukwa magazi amanena za lero pamene jini limangonena za mwina. Ambirife pa koleji pano sitidya nyama, ndipo ena anasiya ngakhale mkaka ndi mazira. Sitifunika kutumiza malovu ku America kuti tidziwe kuti B12 sapezeka mu nsima, nyemba ndi bonongwe. Kafukufuku wa dziko lino wa mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti anthu pafupifupi 6 mwa 10 alionse anali ndi zinki wochepa m'magazi, ndipo kusowa kwa selenium m'madera ambiri kumatsata mtundu wa dothi limene chimanga chameramo. Majini a anthu onsewa sanalakwike. Garrod, amene anawerenga mabanja anayi n'kukana kunena zoposa zimene mabanjawo anaonetsa, sindikhulupirira kuti akanasokoneza zinthu ziwirizi.

Enzyme imene iye anati ikusowa sanaione ndi maso ake. Anaitsimikiza ndi Bert La Du ndi anzake ku America mu 1958, atayeza kachidutswa ka chiwindi cha wodwala alkaptonuria n'kupeza kuti ma enzyme ena onse a panjirayo alipo, kupatula imodzi yomweyo imene Garrod anailoza zaka 50 m'mbuyomo. Jini lake, lotchedwa HGD, lili pa chromosome 3, ndipo analipeza ndi akatswiri a ku Madrid mu 1996, nawonso atayambira pa chuku. Mu 2020 mayiko a ku Ulaya anavomereza mankhwala otchedwa nitisinone kwa akuluakulu a vutoli. Mankhwalawa anachokera ku kafukufuku wa mankhwala ophera udzu, ndipo amatseka njira ija sitepe imodzi kumtunda kuti homogentisic acid asapangidwe n'komwe. Wowamwa amayenera kusamala ndi kuchuluka kwa mapuloteni m'chakudya chake, popeza tsopano chounjikana ndi tyrosine, koma mkodzo wake ukakhala pamphepo sudanso.